Kutikita minofu mozama: chigongono chidikire mpaka mnofu utavomera

Madzulo m'nyumba zambiri za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni mumamveka mawu ofanana: "Iwe, tabwera udzandiponde kumsanaku." Bambo amagona chafufumimba pamphasa, mwana wa sitandade 3 n'kukwera, n'kumayenda kuchokera m'chiuno mpaka m'mapewa atagwirira khoma. Msana ukangolira, onse amakhutira kuti ntchito yagwirika. Chimene bambowo akufuna n'chomveka: akufuna chinthu cholemera chifike pansi penipeni pamene pakuwawa, osati kungowasisita pamwamba. N'chomwechonso chimene anthu amalipirira m'masaluni ndi m'mahotela a m'tauni muno, pamene pachikwangwani amalemba kuti deep tissue massage. Vuto la phazi la mwana n'lakuti silidziwa pamene pali nthiti, pamene pali impso, ndi pamene pali fupa la msana. Limangoponda paliponse, ndipo limaponda mothamanga.

Kuthamangako ndiye kumawononga. Ambiri amaganiza kuti kutikita mozama ndi nkhani ya mphamvu, ndipo zimagwirizana ndi maganizo athu akale aja akuti mankhwala owawa ndiwo ochiritsa, jakisoni amaposa piritsi. Koma mnofu uli ndi khalidwe lake. Ukakanikizidwa mwadzidzidzi, kapena ukamva ululu wopitirira, umakungika podziteteza. Wotikitayo akamva kulimbako amati ndiye mfundo ija, n'kuwonjezera mphamvu, mnofu n'kukungika kwambiri, ndipo m'mawa mwake munthu amadzuka ndi mikwingwirima. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Kuzama kwenikweni kumabwera chifukwa chochedwa: dzanja limalowa pang'ono, n'kudikira, mnofu ukafewa lilowenso pang'ono.

Amene anasendapo mbuzi amadziwa kale mmene thupi linasanjikidwira. Pansi pa chikopa pali mafuta, kenako kakhungu koyera kopyapyala kamene kamakuta nyama n'kumalekanitsa mnofu wina ndi unzake. A zachipatala amakatcha fascia. Pansi pake minofu imagona mosanjikizana, ina yotambalala pamwamba, ina yaifupi ndi yolimba pafupi ndi fupa. Kusisita wamba kumathera pa yapamwambayo. Kutikita kozama kumafuna yapansiyo, makamaka timalo tolimba ngati nyemba kapena ngati chingwe chokungidwa, timene anthu amangoti mfundo. Chodabwitsa cha mfundozi n'chakuti ukakanikiza pano ululu umakamvekera kwina. Mfundo ya paphewa imatha kutumiza ululu kuseri kwa khutu mpaka pafupi ndi diso, munthu n'kumamwa panado wa mutu sabata yathunthu. Mfundo ya m'mbali mwa thako imatsitsa ululu m'ntchafu.

Pali nkhani imene otikita ena amakonda kunena, yakuti akuchotsa poizoni kapena asidi amene waunjikana m'minofu. Ndi malonda chabe. Asidi amene amapangika munthu akathamanga kwambiri thupi limamuchotsa lokha pakangotha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Chimene kutikita kumachita n'chakuti kumachepetsa kukungika kwa mnofu ndi ululu kwa masiku angapo, magazi amayenda bwino pamalopo, ndipo munthu amatha kutembenuza khosi kapena kuwerama mosavuta. Zimenezo n'zokwanira kale, sizifuna kukometsera ndi bodza.

Mfundo zimatsatira ntchito ya munthu, ndipo mu Blantyre ukangomva ntchito ukhoza kulozeratu pamene pakuwawa. Mayi wosenza ndowa ya malita 20, amene ndi makilogalamu 20 pamutu, kukwera nayo zitunda za ku Mbayani, amalimba m'khosi ndi pamwamba pa mapewa. Telala wa pakhonde ku Limbe amene amaweramira makina tsiku lonse amamva moto pakati pa mafupa a mapewa. Dalaivala wa minibasi wa pa Chipembere Highway, amene mwendo wakumanzere suchoka pa klatchi, amadandaula thako ndi chiuno, makamaka ngati amakhalira chikwama cha ndalama m'thumba lakumbuyo. Wa kabaza wa njinga yakapalasa amakokana akatumba ndi ntchafu. Wa mu ofesi woweramira kompyuta kapena foni ali ndi vuto lake: mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo ukamasuzumira kutsogolo timinofu ta kunkhongo timaugwira ngati munthu wonyamula chidebe dzanja litatambasuka.

Musanakhudze munthu, funsani

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, pamene ndi limene limasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongokhala ndi manja amphamvu. Si ululu uliwonse umene uli wa mnofu.

Yambani ndi kutentha thupi. Kuno kwathu munthu akati "m'thupi monse mukuphwanya" ndipo thupi latentha, choyamba n'kukayezetsa malungo, osati kufuna womutikita. Khosi likauma limodzi ndi kutentha thupi komanso mutu wowawa kwambiri, amenewo akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, ndipo munthuyo apite kuchipatala nthawi yomweyo. Ululu wa m'mbali mwa chiuno, pansi pa nthiti, ukamabwera ndi kutentha thupi kapena kuwawa pokodza, ganizani za impso.

Kenako yang'anani miyendo yonse iwiri. Ngati katumba mmodzi yekha watupa, watentha, ndipo akuwawa popanda kuvulala, musamugwire n'komwe. Akhoza kukhala magazi amene aundana mumtsempha wamkati. Zimachitika kwa amene angochitidwa opaleshoni, amayi oyembekezera kapena ongobereka kumene, odwala amene agona nthawi yaitali, ndi amene akhala pabasi tsiku lathunthu ndi usiku womwe kuchokera ku Johannesburg. Mukakanikiza mwendo wotere, chibuluma cha magazicho chimatha kuchoka n'kukatseka m'mapapo, ndipo munthu akhoza kufa. Mwendo wotero ndi wa ku Queens kapena kuchipatala chimene chili pafupi, lero lomwelo.

Msana nawonso uli ndi zizindikiro zake zoti manja abwerere. Ululu umene umakula usiku munthu atagona, osasintha ngakhale atembenuke bwanji, ukamabwera ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, ukhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana, ndipo fupa limene ladyeka chonchi silifuna kulemedwa ndi chigongono cha munthu. Dzanzi la pakati pa miyendo, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, phazi lokoka pansi poyenda, zimenezi zikutanthauza kuti minyewa, mitsempha yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi, yapanikizika, ndipo kuchedwa kumasiya chilema. Phewa lakumanzere likamawawa limodzi ndi kubanika pachifuwa ndi thukuta, ganizani za mtima.

Zina zimaoneka ndi maso: mashingozi, zithupsa, zilonda, mitsempha yotupa yokhotakhota ya m'miyendo, ndi madontho akuda otukuka a khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi. Pamenepo dzanja lisapite. Funsaninso za mankhwala. Amene akumwa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana amachita mikwingwirima yaikulu mosavuta. Odwala shuga amene mapazi awo anachita dzanzi sangakuuzeni kuti mwapitirira. Agogo, makamaka aakazi, mafupa awo amakhala atapyapyala ndipo nthiti imatha kuthyoka ndi kukanikiza kumene mnyamata sakanakumva n'komwe. Mayi woyembekezera asagonekedwe chafufumimba, ndipo akatumba ake asakanikizidwe mozama. Wobinya mwendo pa mpira dzulo adikire masiku awiri kapena atatu: mnofu wong'ambika umakhala ukutuluka magazi mkati, ndipo kuutikita kapena kuuthowa ndi madzi otentha kumangokuza chotupacho.

Mmene ntchito imayendera

Malo akhale olimba. Matiresi ofewa amameza mphamvu yanu yonse ndipo amapinda chiuno cha wogonayo. Mphasa yoyalapo bulangete lopinda kawiri ndi yabwino kuposa bedi. Ikani pilo waung'ono kunsi kwa mimba ngati chiuno chikuwawa, ndi thaulo lokulunga kunsi kwa akakolo. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikamawomba, tsekani mawindo ndipo mufunditse chitenje kapena bulangete paliponse pamene simukugwirapo, chifukwa munthu wozizidwa amadzikunga ndipo mudzakhala mukulimbana ndi mphepo m'malo mwa mfundo. Kuthowa kumene amayi athu amakudziwa kale kumathandiza kwambiri poyamba: nsalu yoviika m'madzi ofunda, yofinya, ikhale pamalopo mphindi 10. Yesani kaye padzanja panu, madziwo asakhale otentha moti n'kuwotcha.

Mafuta ndi pamene ambiri amalakwitsa mopitirira. Supuni yaing'ono imodzi, pafupifupi mamililita 5, imakwana msana wonse. Mukachulutsa, dzanja limatsetsereka pamwamba ngati galimoto pamatope a ku Chirimba, ndipo simungathe kugwira mnofu wapansi. Mafuta a mpendadzuwa ophikira amagwira bwino ntchito. Vaselini amamata ndipo amazula cheya. Mankhwala opaka otenthetsa aja, monga Deep Heat, si mafuta otikitira: mukawakhutiza mwamphamvu, kapena mukathowa pamwamba pake, khungu limatha kupsa, ndipo manja amene awagwira asafike m'maso. Wengani zikhadabo, vulani mphete, tenthetsani mafutawo m'zikhatho.

Mphindi 5 mpaka 10 zoyambirira n'zongotenthetsa. Zikhatho zonse ziwiri ziyende kuchokera m'chiuno kukwera m'mbali mwa fupa la msana mpaka m'mapewa, n'kubwerera mopepuka cham'mbali. Kenako tsinani mnofu ndi dzanja lonse ngati mukukanda ufa wa mandasi. Nthawi imeneyi zala zanu zikhale zikufufuza: pali pena polimba kuposa mbali inayo? Munthu akunyinyirika pati?

Mukatero lowani mozama. Ikani mkono, chigawo chofewa cha kunsi kwa chigongono, pamnofu wautali umene uli m'mbali mwa fupa la msana, zala ziwiri kuchoka pafupalo. Mupempheni apume mpweya wambiri, ndipo pamene akuutulutsa, tsamirani. Musakankhe ndi mphamvu ya mkono, lolani kulemera kwa thupi lanu kutsike. Dikirani mpaka mumve ngati pansi pakugonja, ndiyeno yambani kuyenda motsatira mnofuwo. Ulendo umodzi kuchokera m'chiuno kufika paphewa utenge masekondi 20 kapena 30. Ngati mwafika musanawerenge 10, mukuthamanga. Bwerezani katatu kapena kanayi mbali iliyonse, ulendo uliwonse mozamirapo pang'ono.

Mukapeza mfundo, wogonayo amakuuzani yekha: "Apo, pomwepo!" Imani. Ikani chala chachikulu, chinacho chisanjikize pamwamba pake, n'kukanikiza molunjika osapukusa. Gwirani masekondi 30 mpaka 90. Mfundo yeniyeni ululu wake umayamba kutsika dzanja likadali pomwepo. Ukatsika, lowaninso pang'ono, kapena chokanipo pang'onopang'ono. Kawiri kapena katatu pamfundo imodzi n'kokwanira pa tsiku. Ngati masekondi 90 atha ululu ukungokwera, pamenepo si mfundo, kapena mwaponda mnyewa kapena fupa. Sunthani.

Kodi mphamvu yake ikhale yotani? Gwirizanani kuwerenga ululu kuyambira 0 mpaka 10, ndipo muzifunsa pafupipafupi: "Achimwene, tili pa ngati?" Malo abwino ndi 5 kapena 6, pamene munthu amati zikuwawa koma zikukoma. Pa 7 ndi malire. Koma musadalire pakamwa pokha, chifukwa abambo ambiri sangavomere kuti mkazi wawo kapena mng'ono wawo akuwapweteka, amangoti "kanikizani, musaope." Yang'anani thupi. Akagwira mpweya, akakukuta mano, akapinda zala za kumapazi, kapena akafumbata mphasa, mwapitirira, kaya anene zotani. Kuti manja aphunzire kuyeza, kanikizani chala chachikulu pa sikelo: chikhadabo chikayamba kuyera mumakhala mwafika pafupifupi makilogalamu 4, kulemera kwa mapaketi anayi a shuga. Pakhosi ndi paphewa musapitirire pamenepo. Pathako pamalola zoposerapo.

Chigongono chenicheni, nsonga yake, chisungireni malo a nyama yambiri monga thako, ndipo chilowe pomalizira. Zala zazikulu zisagwire ntchito yonse, chifukwa otikita ambiri amadzipweteka polumikizira mafupa patsinde pa chala chachikulu ndi pamkono. Sinthanani ndi nkhonya yofumbata momasuka, dzanja lili chowongoka, ndipo ngati mukugwirira pansi, gwadani pafupi kuti mapewa anu akhale pamwamba pa manja.

Paphewa, mnofu waukulu wotsetsereka kuchokera kukhosi, umene madokotala amautcha trapezius, umagwirika bwino munthu atakhala pampando chotembenuka, atatsamira pilo patebulo. Utsineni pakati pa chala chachikulu ndi zala zinazo, muunyamule pang'ono, n'kugwira osasiya pamene iye akupendeketsa mutu pang'onopang'ono mbali inayo. Pakona yapamwamba ya fupa la phewa, chakufupi ndi msana, pamakhala mfundo pafupifupi kwa telala aliyense ndi mlembi aliyense. Kunkhongo n'kosavuta: munthu agone chagada, inu muike nsonga za zala zanu kunsi kwa chigaza, n'kulola kulemera kwa mutu wake kuchite ntchito kwa mphindi ziwiri. Musakanikize.

Chiuno chili ndi chinyengo chake. Munthu amaloza pakati pa msana, koma nthawi zambiri gwero limakhala m'mbali mwa thako, kunsi pang'ono kwa fupa limene lamba amadutsapo. Mugonekeni cham'mbali, pilo ali pakati pa mawondo, n'kulowa pamenepo ndi nkhonya kapena mkono. Pakati pa thako pamadutsa mnyewa waukulu wotchedwa sciatic, wonenepa ngati chala. Akanena kuti zikuthetheka ngati magetsi kutsika mpaka kuphazi, mwaupondereza, chokanipo msanga. Ululu wa mfundo umakhala wobuntha, wa mnyewa umakhala wakuthwa. Pa akatumba, pindani bondo pang'ono kuti mnofu umasuke, ndipo muziyenda chokwera, kuchokera kukakolo kulunjika kubondo, n'kuima musanafike pankhuti ya kuseri kwa bondo.

Malo ena ndi oletsedwa kwa aliyense. Kutsogolo ndi m'mbali mwa khosi, pamene mtsempha umagunda, kukanikiza kumatha kukomola munthu, ndipo kwa achikulire kungayambitse sitiroko. M'khwapa, m'mphechepeche ndi kuseri kwa bondo muli mitsempha ikuluikulu yopanda chotchinga. Pamwamba penipeni pa mafupa a msana palibe mnofu woti mumasule. Nthiti ziwiri zomalizira sizilumikizana ndi fupa la pachifuwa, ndipo kunsi kwake kuli impso, ndiye pamenepo sipopondapo kapena kumenyapo nkhonya. Ndipo mchitidwe wa ometa ena wopotokola khosi la kasitomala kuti lilire si mbali ya kutikita. Akayamba kukugwirani chibwano ndi nkhongo, akanizeni mwaulemu.

Pomaliza bwererani kukusisita kopepuka mphindi ziwiri kapena zitatu. Munthu atembenukire cham'mbali, akhale kaye tsonga asanaime, chifukwa ena amachita chizungulire. Kunyumba, mphindi 15 kapena 20 pa gawo limodzi la thupi n'zokwanira, pamene kwa katswiri thupi lonse limatenga pafupifupi ola. Kumva kuwawa ngati munalima dzulo, kwa tsiku limodzi kapena awiri, si zachilendo. Mikwingwirima, dzanzi limene silikuchoka, kapena dzanja lofooka, ndi umboni wakuti panali nkhanza. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo potikitidwa mwamphamvu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa minofu yophwanyika imatulutsa zinthu zimene zimawononga impso. Musamwe bufeni musanatikitidwe n'cholinga choti mupirire, chifukwa mukutseka pakamwa mlonda amene akanakuchenjezani. Malo amodzimodzi apume masiku awiri kapena atatu musanabwererepo.

Amene alibe womutikita agule mpira wa tenisi, umapezeka pa kaunjika. Auike mu sokosi yaitali, auponye kumbuyo kudzera paphewa atagwira sokosiyo, n'kutsamira khoma mpirawo uli pakati pa fupa la phewa ndi msana. Malamulo ake ndi omwewo: ululu ukhale pa 5 kapena 6, masekondi 30 mpaka 90, osaika pafupa. Kukhoma n'kwabwino kuposa kugonera mpirawo pansi, popeza miyendo imakuthandizani kuchepetsa kapena kuwonjezera kulemera. Botolo lagalasi la zakumwa, lokulunga kansalu, limagudubuzika bwino kunsi kwa phazi ndi kunsi kwa katumba.

Mukatikita kanayi kapena kasanu osaona kusintha, kapena ululu ukapitirira milungu 6, nkhaniyo yakula kuposa manja a pakhomo. Blantyre ndi mzinda wamwayi pa zimenezi: ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli gawo la mafizo, pafupi pomwepo pali Kachere Rehabilitation Centre, ndipo akatswiri a mafizo amaphunzitsidwa mumzinda momwemuno ku Kamuzu University of Health Sciences. Wa mafizo amayeza kaye, ndipo nthawi zambiri amakupatsani zolimbitsa thupi zoti muzichita nokha, chifukwa mnofu wofooka umabwerera kumfundo zake ngakhale utikitidwe bwanji. Ku saluni, muyezeni wotikitayo ndi mphindi zake zoyambirira. Akayamba kuthira mafuta asanakufunseni za matenda, mankhwala ndi pamene pakuwawa, muuzeni nokha, ndipo mumuuziretu kuti mukati "basi" achepetse.

Mfundo imene yamasuka Loweruka imabwerera Lachitatu ngati ntchito ikugwirika mmene imagwirikira kale. Dalaivala achotse chikwama m'thumba lakumbuyo ndipo azitsika kuwongola miyendo pamene minibasi ikudzaza pa depoti. Wa pakompyuta aike mabuku kunsi kwa sikirini kuti m'mphepete mwake mwapamwamba mulingane ndi maso, n'kumadzuka mphindi 30 kapena 40 zilizonse. Wosenza madzi apinde mawondo potukula ndowa, ndipo pamene pali chitunda, maulendo awiri a theka amapweteka khosi pang'ono kusiyana ndi umodzi wodzaza. Telala ayang'ane mpando wake: zigongono zilingane ndi tebulo la makina, mapewa ali omasuka. Ngati mpando watsika, apindirepo nsalu zotsala, ndipo makinawo awasunthire pamene pali kuwala, chifukwa kuweramako nthawi zambiri kumayamba ndi kufunafuna bowo la singano mumdima wa pakhonde.